Makalata a Omvera: Valimba pa Ukwati

Kalata yoyamba yachokera kwa mnyamata wa kwa Tengani ku Nsanje, woimba valimba, chida cha Asena cha matabwa omenya ndi timitengo chokhala ndi zikho pansi pake. Akuti:

"Ndimaimba valimba ndi amalume. Ine mtima wanga uli pa nyimbo zakale za Chisena zomwe agogo ankaimba, koma tikaitanidwa ku ukwati achinyamata amafuna makolasi a kutchalitchi ndi nyimbo zomwe amamva m'mafoni. Tikakana amayatsa masipika, ife n'kukhala ngati alendo osaitanidwa. Nditani?"

Takhuta achimwene. Ndiyambe ndi mbali yowawa. Pa ukwati mwalembedwa ganyu. Mwini ukwati akufuna fumbi likwere, anthu asupe, ndiye kuumirira nyimbo yomwe ikukoma kwa inu nokha n'kudzichotsa nokha pabwalo. Apatseni ziwiri zitatu zomwe akuzidziwa. Thukuta likayamba, gaka (kang'oma kakang'ono) ndi nkhocho (maseche) zisaleke, inu mulowetse ya agogoyo osalengeza. Munthu amene wayamba kale kuvina saima n'kufunsa kuti nyimboyi ndi ya chaka chanji. Ndipo dziwani nthawi yanu: pa siwa kapena pa sadaka, usiku ukapita, akuluakulu amazifuna okha zakalezo, mawu ake amawadziwa.

Koma pali chimodzi chomwe ndikukanizani, muwauzenso amalume. Musaseme matabwa a valimba kuti agwirizane ndi kiyibodi. Valimba ili ndi kachunidwe kakekake: mawu 7, otalikirana pafupifupi mofanana, pamene kiyibodi imayenda mosiyana. N'chifukwa chake kolasi pa valimba imamveka yopendekeka pang'ono. Si kuti chida chanu n'cholakwika ayi. Thabwa mukalisema silibwereranso, ndipo nyimbo za agogozo sizidzakhalanso bwino pamenepo. Chimodzimodzi kunjenjemera kuja kwa zikho za pansi, komwe kale ankamata kachikopa ka mazira a kangaude, lero ambiri amaika pulasitiki wopyapyala. Ena amati n'phokoso, tichotse kuti zimveke zoyera pa maikolofoni. Ine ndimati ayi ndithu, valimba yopanda kulira kumeneko njozizira.

Ina yachokera kwa mayi wa ku Ngabu, m'boma la Chikwawa. Akudandaula kuti anaitana woimba bangwe, chida cha thabwa ndi zingwe, pa mowa wawo, koma bamboyo anangoweramira chida chake n'kumaimba nkhani zazitali za umasiye ndi madzi osefukira, anthu osavina, ena n'kusamukira kwina.

Pepani mayi, koma apa woimbayo sindimuweruza kwambiri. Bangwe ndi wa munthu mmodzi, mawu ake ngotsika, amakoma anthu atakhala pansi akumvera. Mukanafuna magule mukanaitana a gule wa utse kapena a valimba. Komabe bambowo akanayang'ana nkhope za anthu n'kuponyamo yoseketsa, poti oimba bangwe nthabwala amazitha. Ulendo wina mugwirizane zisanayambe, ndipo muwaike madzulo, anthu atatopa ndi kuvina.

Nthawi yatithera. Kalata ina ya ku Makhanga tiwerenga sabata yamawa.