Asilikali a Denmark amene amalondera Greenland ndi agalu

[Pa sikirini: mdima, kuwala kwa tochi, agalu akukoka ngolo pa madzi oundana]

Moni nonse. Tayang'anani bwino chithunzichi. Anthu awiri, agalu oposa khumi, ndi ngolo yopanda mateyala yomwe ikungotsetsereka. Kulibe msewu, kulibe mudzi, ndipo dzuwa likalowa kumeneku limatha pafupifupi miyezi itatu osaoneka. Kuzizira kumafika madigiri 40 pansi pa ziro. Anthu awiriwa si alenje ayi. Ndi asilikali a dziko la Denmark, ndipo apa ali pa ntchito yolondera malire.

[Pa sikirini: mapu a Greenland]

Kumeneku ndi ku Greenland, chilumba chachikulu kuposa zonse pa dziko lapansi. Dziko la Malawi likhoza kulowamo ka 18, koma anthu ake ndi pafupifupi 57,000 basi, ambiri mwa iwo a mtundu wa Inuit. Gawo lalikulu la chilumbachi linakwiririka ndi madzi oundana, ndiye anthu amakhala m'mbali mwa nyanja. Chilumbachi ndi mbali ya ufumu wa Denmark. Kuyambira 2009 eni dera amadzilamulira pa zinthu zambiri, koma nkhani za chitetezo zidakali m'manja mwa Denmark.

Nthambi ya asilikali imene inapatsidwa udindowu imatchedwa Arktisk Kommando. Inakhazikitsidwa mu 2012, ataphatikiza maofesi awiri a asilikali omwe analipo kale, wina woyang'anira Greenland, wina woyang'anira zilumba za Faroe, zomwenso ndi mbali ya ufumu wa Denmark. Likulu lake lili mumzinda wa Nuuk. Asilikali a pamtunda, a pamadzi ndi a mumlengalenga onse amamvera mkulu mmodzi, chifukwa kudera lotere sitima payokha siingathe kanthu popanda ndege yoiuza kumene kuli vuto.

Tikamva za asilikali timaganiza za nkhondo, koma tsiku ndi tsiku anthuwa amagwira zina. Amafufuza sitima zopha nsomba ngati zikutsata malamulo, amafunafuna osochera pa nyanja, amanyamula odwala, amayang'anira ngati mafuta atayikira m'madzi, amayeza kuya kwa nyanja kuti mapu akhale olondola.

Nanga agalu aja akubwera pati? Apa mpamene pagona nkhani.

Aliyense wokulira kumudzi akudziwa zimene zimachitika ndi munda umene mwini wake sapondako. Chaka chino woyandikana naye alowa mzere umodzi, chaka chamawa mizere itatu, ndipo mukakafika kwa amfumu funso limakhala lakuti, kodi inu munalimamo liti? Mayiko nawonso amafunsana funso lomweli. Mu 1931 anthu a ku Norway anakweza mbendera yawo kum'mawa kwa Greenland, n'kunena kuti deralo linalibe mwini. Mlandu unapita ku khoti la mayiko ku The Hague, ndipo mu 1933 khotilo linagamula mokomera Denmark, poona kuti inali itaonetsa ulamuliro wake pa chilumbacho. Denmark inatolapo phunziro: dera limene ukuti ndi lako uzionekako.

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, asilikali a Germany anamanga mobisa malo oyezera zanyengo kugombe lomweli, popeza nyengo ya ku Ulaya imayamba kuonekera kumeneko. Kagulu ka anthu oyenda ndi agalu ndi komwe kanawatulukira mu 1943, ndipo mmodzi wa m'kagulumo, Eli Knudsen, anaphedwa. Mu 1950 Denmark inakhazikitsa gulu lokhazikika lomwe lero limatchedwa Sirius.

[Pa sikirini: tinyumba ta ku Daneborg, agalu atamangidwa pa tcheni]

Gulu la Sirius limakhala pamalo otchedwa Daneborg. Oyenda ndi ngolo amakhala pafupifupi 12, ndipo amanyamuka awiriawiri. Munthu akasankhidwa amakhala kumeneko zaka ziwiri. Dera limene amalondera ndi nkhalango yotetezedwa ya makilomita 972,000 m'bwalo lake, yaikulu kuposa ina iliyonse pa dziko, yopanda mudzi ngakhale umodzi. M'deralo asilikaliwa ali ndi mphamvu za apolisi.

Taganizirani tsiku lawo. Agalu amakoka katundu, anthu amatsetsereka pambali pa ngolo atavala timatabwa kuphazi. Madzulo amayamba asamalira agalu, kuwadyetsa ndi kuwaona m'mapazi ngati achekeka, kenako n'kumanga tenti ndi kusungunula madzi oundana kuti apeze akumwa. M'mphepete mwa gombe muli tinyumba tomwe amasiyamo chakudya nthawi yotentha. Mfuti yawo yaikulu ndi ya mtundu wakale, wa 1917, chifukwa siikakamira kukazizira, ndipo chimene amaopa kwambiri ndi chimbalangondo choyera, chilombo cholusa cha kumeneko.

Ena amaseka, amati dziko lolemera lingatumize bwanji agalu m'nthawi ya madroni. Ine sindiona choseketsa. Injini ikafa pakati pa chipululu chotere, munthu watha. Galu amayenda mumdima, amazindikira pamene madzi oundana ali opyapyala, ndipo amauwa chilombo chikamayandikira. Ngakhale Frederik, yemwe pano ndi mfumu ya Denmark, anayenda nawo ulendo wa agalu kumeneku mu 2000.

Koma tisabise, mphamvu za Arktisk Kommando n'zochepa poyerekeza ndi dera lake. Mu Seputembala 2023 sitima ya alendo yotchedwa Ocean Explorer inatitimira m'matope ku Alpefjord ili ndi anthu 206. A Sirius anafika n'kukaona kuti onse ali bwino, koma sitima ya asilikali yomwe inali pafupi kwambiri, Knud Rasmussen, inali pa mtunda woyenda masiku angapo. Imene inadzaikoka ndi sitima ya akafukufuku a nsomba ya ku Greenland, Tarajoq. Palibe anafa. Ikanakhala kuti yabooka n'kuyamba kumira, tikanakamba nkhani ina lero. Ndipo pamene madzi oundana akusungunuka, sitima zotere zikuchulukirachulukira.

[Pa sikirini: kumpoto chakumadzulo kwa mapu, Pituffik]

Denmark siili yokha pa chilumbachi. Pangano la 1951 linalola America kukhala ndi malo a asilikali ku Thule, komwe kuyambira 2023 kumatchedwa Pituffik. Kumeneko kuli makina ochenjeza ngati mizinga ikubwera kudzera kumpoto. Donald Trump ananena mu 2019 kuti akufuna kugula Greenland, anabwerezanso atabwerera pampando, ndipo atsogoleri a Greenland ndi a Denmark anayankha kuti chilumbachi sichogulitsa. Mu Januwale 2025 Denmark inalengeza ndalama zokwana 14.6 biliyoni kroner (ndalama ya ku Denmark) zogulira sitima zatsopano zitatu, madroni ouluka mtunda wautali ndi njira zoonera deralo kuchokera mumlengalenga.

Chimene chimandikhudza ine pa nkhani yonseyi ndi eni nthaka. Mu 1953, pofuna kukulitsa malo a asilikali a ku Thule, mabanja a m'deralo anasamutsidwa m'masiku ochepa n'kupititsidwa ku Qaanaaq, kusiya malo awo osakako nyama ndi manda a makolo awo. Boma la Denmark linadzapepesa mu 1999, patapita zaka 46. Luso loyenda ndi agalu lomwe a Sirius amanyadira linachokera kwa anthu omwewa, komabe kwa zaka zambiri wachinyamata wa ku Greenland wofuna usilikali ankayenera kuwoloka nyanja kukaphunzira ku Denmark. Mu 2024 mpamene maphunziro oyamba anatsegulidwa kwawo konko, ku Kangerlussuaq. Anyamata ndi atsikana akuphunzira kugwira mfuti, kuzimitsa moto, kupereka chithandizo choyamba ndi kupulumutsa anthu pa nyanja, ndipo akamaliza ena amalowa usilikali, ena amabwerera kumidzi kwawo ndi luso limenelo.