Momwe Mungasandutsire Nthano Kukhala Chithunzi pa Kompyuta

[Pa sikirini: kamtsikana kakhala pamsana pa kamba wamtali kuposa mitengo, nyali ili m'manja, dzuwa likulowa.]

Tayang'anani chithunzi ichi mofatsa. Kamba wamkulu chonchi kulibe padziko lapansi, ndipo mwanayu sanakwerepo pamsana pa nyama iliyonse. Komabe maso anu sakukana. Zimene mukuonazi ndi zithunzi zinayi zojambulidwa nthawi zosiyana: nkhalango, kamba, mwana atagwira nyali, ndi nkhungu. Lero tiziphwasula chimodzichimodzi kuti muone chimene chikuzimanga pamodzi. Ndikuuziretu kuti si kudula bwino m'mbali ayi, ngakhale kuti ambiri amathera mphamvu zawo zonse pamenepo. Chimene chimapangitsa munthu kukhulupirira ndi kuwala, mthunzi, ndi pamene kamera inaima.

Lusoli ndi lakale kuposa kompyuta. Mu 1857, wojambula zithunzi wina, Oscar Gustave Rejlander, analumikiza ma negative (zithunzi za m'kamera zimene amatsukirapo zithunzi za papepala) oposa 30 n'kutulutsa chithunzi chimodzi chachikulu, zonse ndi manja m'chipinda chamdima. Ndipo mu 1917, ku Cottingley m'dziko la England, atsikana awiri, Elsie Wright ndi Frances Griffiths, anajambula tianthu ta mapiko papepala, n'kutidula, n'kutiimika m'udzu ndi mapini a chipewa, kenako n'kudzijambula nato. Akuluakulu ambiri anakhulupirira, kuphatikizapo mlembi wotchuka Arthur Conan Doyle amene anasindikiza zithunzizo mu 1920, ndipo eni ake anadzaulula mu 1983, atakalamba. Chinawathandiza ndi chakuti timapepalato tinali pamalo omwewo ndi iwo, kutsogolo kwa kamera imodzi. Ife timajambula zidutswa zathu padera, choncho mgwirizano umenewo tiyenera kuupanga tokha.

Musanagwire kamera, sankhani kamphindi kamodzi m'nthanoyo. Nthano imayenda, koma chithunzi chimaima, ndiye simungathe kulowetsamo zonse. Ine ndimakonda kamphindi kamene chinthu chatsala pang'ono kuchitika. Apa kamba wakweza phazi kuti alowe mumdima wa nkhalango, mwana wakweza nyali, sitikudziwa chimene chili kutsogolo. Woonera amatsiriza yekha m'mutu mwake. Mukasankha, tengani pepala ndi pensulo mujambule mwachisawawa, ngakhale timizere chabe. Papepalapo muikepo zinthu ziwiri: muvi wosonyeza kumene dzuwa likuchokera, ndi mzere wosonyeza msinkhu wa kamera.

[Pa sikirini: chithunzi cha nkhalango chokha.]

Yambani ndi malo, chifukwa ndi amene amalamula zina zonse. M'nkhalango iyi dzuwa lili pansi kudzanja lamanzere, mithunzi ya mitengo ndi yaitali ndipo ikugwera kumanja, kuwala kwake n'kofiirira. Basi, lamulo laikidwa. Kamba, mwana, chilichonse chimene chibwere pambuyo chiyenera kuwalidwa kuchokera kumanzere, ndi dzuwa lotsika. Mukajambula mwana masana dzuwa lili pamutu, m'maso mwake mudzakhala mithunzi yakuda yochokera pamwamba, ndipo palibe pulogalamu imene idzakonze zimenezo mokhutiritsa.

Tsopano kamba, ndipo apa tichedwapo chifukwa ndi pamene ambiri amagwa. Kuti kanthu kakang'ono kaoneke kachimphona, sikokwanira kungokakulitsa pa kompyuta. Chinthu chachitali timachiona kuchokera pansi. Timaona kukhosi kwake, timaona kunsi kwa chigoba. Ndiye gonani chafufumimba, kamera igunde pansi penipeni, iyang'ane m'mwamba pang'ono. Mukamujambula mutaimirira, mudzaona pamwamba pa chigoba, ndipo ubongo wa woonera udzadziwa nthawi yomweyo kuti kanyamaka n'kakang'ono, ngakhale mutakakuza kufika kumitambo.

Palinso vuto lina lobisika. Mukayandikitsa kamera pa kanthu kakang'ono, mbali yochepa chabe ndi imene imaoneka bwino. Diso la kamba limatuluka lakuthwa, koma miyendo yakumbuyo imakhala mbuu. Chinthu chachikulu chimene chili patali sichioneka choncho, chimaoneka bwino chonse kuyambira kumutu mpaka kumchira. Ndiye chepetsani bowo la lenzi, mufike pa f/11 kapena f/16 (nambalayi ikamakula, bowo limachepa). Ngati sizikukwanabe, jambulani kangapo osasuntha kamera, ulendo uliwonse mukulunjika pa mbali ina ya thupi, mudzalumikize pambuyo. Kamba ndi wodekha, amakupatsani mpata. Koma chonde musamuzunze kapena kumugoneka padzuwa nthawi yaitali chifukwa cha chithunzi. Mudikireni ayende yekha.

Mwanayo mumukhazike pa chinthu chozungulira, monga mwala waukulu, kuti miyendo yake ipindike ngati mmene ingapindikire pachigoba. Naye mumujambule kuchokera pansi, dzuwa lili kumanzere. Kumbuyo kwake kukhale kopanda zinthu zambiri, khoma kapena thambo, kuti tsitsi lidzadulike mosavuta. Nyaliyo aigwire yeniyeni, yoyaka, kuti kuwala kwake kugwere pachibwano ndi pazala mwachilengedwe. Ngati mwanayo si wanu, pemphani kaye makolo ake, muwauzenso kumene chithunzicho chidzaikidwe. Chimodzimodzi zithunzi za pa intaneti: werengani chilolezo chake musanatenge, chifukwa wina anavutika nacho.

[Pa sikirini: pulogalamu yatsegulidwa, mndandanda wa ma layer uli kumanja.]

Pulogalamu yotchuka ndi Photoshop, imene inatuluka mu 1990, ndipo ma layer anabweramo mu 1994. Koma GIMP ndi yaulere, Photopea imagwira ntchito pa intaneti osaikamo chilichonse m'kompyuta, ndipo zonse zimene ndikuonetsa pano zimatheka m'menemo. Layer muziiona ngati pepala la pulasitiki loonekera mkati. Nkhalango pansi, kamba pamwamba pake, mwana pamwamba pa kamba, lililonse mutha kulisuntha osakhudza linzake.

Podula, musagwiritse ntchito chofufutira. Ikani mask, chophimba chimene chimaikidwa pa layer. Mukapaka chakuda pa mask, mbali imeneyo imabisika, mukapaka choyera imabwereranso, ndipo chithunzi chenicheni sichiwonongeka. Mawa mukazindikira kuti munadya chala cha mwana, mumangochibweza. M'mbali musasiye mwakuthwa ngati mwadula ndi lumo, mufewetse pang'ono chabe. Muonenso mtundu umene watsalira m'mphepete: kamba akajambulidwa pa udzu, kunsi kwake kumatenga kubiriwira, ndipo kumeneko n'kofunika kuchotsa ngati pamene mukumuika pali dothi.

Onani tsopano. Kamba wadulidwa bwino, waikidwa pakati pa mitengo, koma akuyandama. Sanaponde pansi. Chasowa ndi mthunzi, ndipo mithunzi ilipo iwiri. Woyamba ndi waung'ono, wakuda bii, umene umakhala pamene phazi lagunda dothi. Pangani layer yatsopano pansi pa kamba, muisinthe ikhale Multiply (kasakanizidwe ka layer kamene kamadetsa zimene zili pansi pake), mupake ndi burashi yofewa kunsi kwa phazi lililonse limene laponda pansi. Mwaona? Kamba walemera. Muchitenso chimodzimodzi pamene mwana wakhala pachigoba. Wachiwiri ndi uja wautali, wogwera kumanja motsatira mithunzi ya mitengo. Ukhale wakuthwa pafupi ndi phazi, uzifewa pamene ukutalikira. Musaupake wakuda weniweni. Mthunzi wa panja umalandirabe kuwala kwa thambo, ndiye umapendekera ku mtundu wa buluu. Njira yosavuta ndi kutapa mtundu pa mthunzi wa mtengo umene uli kale m'chithunzimo n'kupaka womwewo.

Kenako bisani zikhadabo zina ndi udzu. Tengani kachidutswa ka udzu m'chithunzi cha nkhalango, mukaike kutsogolo kwa phazi. Ikaninso nthambi imodzi idutse kutsogolo kwa chigoba. Chinthu chikaphimbidwa ndi chinzake, diso limavomera kuti zonse zili pamalo amodzi, ndipo nthambi yomweyo ndi imene ikutiuza kuti kambayu ndi wamtali bwanji.

Nkhungu ija ntchito yake si kukongoletsa kokha. Chinthu chikakhala patali, mpweya umene uli pakati pa icho ndi ife umachiyeretsa, mitundu yake imazilala. Ndiye kumbuyo kwa kamba ndi pamwamba pa chigoba pakhale poyererako kusiyana ndi phazi limene latiyandikira. Ikani nkhungu pa Screen (kasakanizidwe ka layer kamene kamawalitsa zimene zili pansi pake), muichepetse mphamvu mpaka muyambe kukayika ngati ilipo. Kuwala kwa nyali nakonso kumapita pa Screen, kachikasu kochepa kuzungulira galasi. Musaiwale kuti nyali imawalira zinthu zoyandikana nayo, choncho pachigoba pamene mwana wakhala pafunika kachikasu komweko.

Chotsala ndi kugwirizanitsa mitundu. Pa chidutswa chilichonse ikani Curves (chida chosinthira kuwala ndi kuda kwa chithunzi) yakeyake, muonetsetse kuti malo akuda kwambiri pa kamba akufanana kuda kwake ndi malo akuda a mitengo imene ali nayo pafupi. Mukatero, ikani mtundu umodzi wopepuka pamwamba pa zonse, kenako timadontho tating'onoting'ono ta noise, chifukwa zithunzi zochokera ku makamera osiyana zimasiyana kusalala, ndipo timadonthoti timaziyanjanitsa.

Musanatseke, yesani zinthu ziwiri. Chotsani mitundu yonse kwa kanthawi, chithunzi chikhale chakuda ndi choyera. Chidutswa chimene chawala kapena chada mopitirira chimadziulula chokha. Kenako chitembenuzeni, kumanzere kukhale kumanja. Maso amazolowera zolakwa akayang'ana nthawi yaitali, ndipo kutembenuza kumawadzutsa. Apa, mwachitsanzo, mutha kuona kuti mthunzi wa mwana pachigoba ukufunika kutalikirako pang'ono.

Sungani fayilo imene ili ndi ma layer onse, PSD kapena XCF ngati muli mu GIMP, kenako mutulutse ina ya JPEG yoika pa intaneti. Ngati chithunzicho chidzasindikizidwe m'buku la ana, muyambe ntchito yonse pa 300 ppi (timadontho ta chithunzi 300 pa inchi iliyonse) pa kukula kwa tsambalo, ndipo musiye malo opanda zambiri kuthambo kapena munkhungu, pamene mawu a nthanoyo adzalembedwe.