Makalata anu: nyimbo za kwathu ndi voti yathu

Tiyambe ndi kalata ya mayi wina wa kwaya. Akuti: "Achimwene, m'parishi mwathu muli anthu a mitundu yosiyanasiyana, koma nyimbo, mawerenga ndi zolengeza zonse zimakhala m'chinenero cha eni dera. Tikapempha nyimbo imodzi yokha ya kwathu, amati tikugawa mpingo. Kodi tingoyamba tchalitchi chathu?"

Mayi, musafulumire. Malamulo a Mpingo wa Katolika a 1983, pa ndime 518, amati kawirikawiri parishi imatsata dera. Ndiye wobwera dzulo ndi wobadwira pomwepo onse ndi eni ake. Ndime yomweyo imalola parishi ya anthu a chinenero chimodzi, koma woikhazikitsa ndi episkopi, osati kwaya yokwiya. Ndipo dandaulo lanu si lachilendo. Pa Ntchito za Atumwi 6, olankhula Chigiriki anadandaula kuti amayi awo amasiye akumanidwa pogawa thandizo. Atumwi sanawanene kuti ndi ogawa mpingo. Anasankhitsa amuna 7, ndipo mukawerenga maina awo, onse ndi a Chigiriki. Kaonaneni ndi bambo mfumu, mutatenga Baibulo lotsegula pamenepo.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo wina: "Maepiskopi adzudzula katangale, ndiye anzanga akuti tonse tivotere otsutsa boma. Ndikavotera wina ndachimwa?"

Ayi bambo, anzanuwo awonjezera zawo. Msonkhano wa Vatican Wachiwiri, womwe unasonkhanitsa maepiskopi a Katolika a dziko lonse lapansi, unanena mu 1965 kuti Mpingo sumangiriridwa ku ndale za mtundu uliwonse, koma uli ndi ufulu wodzudzula pamene anthu akuponderezedwa. Kalata ya maepiskopi a ku Malawi ya mu Marichi 1992 inachita zomwezo: inalankhula za omangidwa popanda mlandu ndi za malipiro ochepa, koma sinauze munthu chipani choti alowe.

Malire alipo ndithu. Ndime 285 ya Malamulo a Mpingo aja imaletsa ansembe kukhala pa maudindo olamulira a boma, ndipo ndime 287 imawaletsa kuchita nawo zazipani pokhapokha akuluakulu a Mpingo ataona kuti nkofunikadi. Fernando Lugo, yemwe anali episkopi ku Paraguay, atapambana upulezidenti mu 2008, Papa Benedict XVI anamuchotsa pa gulu la ansembe.

Zoti katangale ndi tchimo muzimve, musazizembe chifukwa wotchulidwayo ndi wa mtundu wanu. Koma dzina lochonga posankha, episkopi sangakulembereni. Timve nyimbo kaye, makalata ena akubwera.