Mawu a M'mawa: Abwino Awiri Akakumana

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Lero tiwerenge Machitidwe 15:36-40, koma ndiloleni ndiyambe ndi masamu.

Mu nthambi ya masamu yotchedwa topology, yophunzira za maonekedwe a malo ndi kulumikizana kwake, muli khalidwe lina la malo limene amalitcha pseudocompact. Edwin Hewitt ndiye analifotokoza mu 1948. Tanthauzo lake ndi lakuti muyeso uliwonse wosadumphadumpha umene mungaike pa malowo uli ndi polekezera, sukwera mpaka kalekale. Tinene kuti ndi malo odziletsa.

Funso linali lakuti, mukaphatikiza malo awiri odziletsa, kutenga kadontho kuno ndi kadontho uko n'kupanga awiriawiri, kodi chotulukacho chidziletsanso? Nzeru ya munthu imati inde. Koma Terasaka wa ku Japan mu 1952 ndi Novák wa ku Czechoslovakia mu 1953 anapeza malo awiri, aliwonse abwinobwino paokha, amene akaphatikizidwa kudziletsa kuja kumatha. Chimene chimandigwira mtima ndi pamene vutolo limatulukira. Malo awiriwo amagawana manambala owerengera okha, 1, 2, 3 mpaka mtsogolo. Ndiye 1 akakumana ndi 1, 2 ndi 2, 3 ndi 3, mzerewo umangopita wopanda pofikira. Chowawononga chili pa chinthu chomwecho chimene onse awiri ali nacho.

Paulo ndi Barnaba anali anthu a Mulungu. Barnaba ndiye anaimira Paulo pamene ophunzira ku Yerusalemu ankamuopa. Anayenda limodzi, anathamangitsidwa limodzi. Koma atafika pa nkhani ya Yohane Marko, mnyamata amene anawasiya ku Pamfuliya, anakangana koopsa mpaka kupatukana. Barnaba anatenga Marko kupita ku Kupro, Paulo anasankha Sila. Sanakanganire ndalama kapena ulemu. Anakanganira ntchito imene onse awiri ankaikonda. M'mabanja ndi m'makomiti a mpingo timaziona zimenezi: bambo wabwino, mayi wabwino, koma pa nkhani ya mwana wawo yemwe, mawu amakwera mpaka oyandikana nawo kutseka mawindo.

Mu 1966, W. W. Comfort ndi Kenneth Ross anatsimikiza chinthu chokongola. Ngati malo odziletsawo alinso gulu, ndiye kuti topological group, mutha kuphatikiza ochuluka bwanji, ngakhale osawerengeka, kudziletsa sikutayika. Gulu m'masamu lili ndi malamulo ochepa. Zinthu ziwiri zikaphatikizana, chotuluka chimakhala cha m'gulu momwemo. Pali chimodzi chimene sichisintha chinzake, ngati 0 pophatikiza manambala. Ndipo chilichonse chili ndi chochibweza: pa 5 pali -5. Kuzungulira kwa wilo ndi gulu lotero. Mukalizunguza kupita kutsogolo, mutha kulibweza mofanana mpaka lifike pamene linali.

Sindikunena kuti masamu akutsimikiza Baibulo, ayi, lililonse lili ndi ntchito yake. Ndiponso gulu silisunga zonse: Eric van Douwen anaonetsa mu 1980, potsamira lamulo lowonjezera lotchedwa Martin's Axiom, kuti khalidwe lina lolimba kuposa ili limatha kusweka ngakhale pa magulu awiri. Koma lamulo la chobweza lija landiganiziritsa. Ambirife timalimbikira kukhala abwino patokha, kupemphera, kusala, kupereka chakhumi, koma pakati pa ife ndi mnzathu palibe njira yobwerera. Mawu akatuluka atuluka. Akolose 3:13 akutiuza kulolerana ndi kukhululukirana monga Ambuye anatikhululukira, ndipo lamulo limeneli munthu sangalisunge ali yekha m'chipinda.

Paulo anaisiya njirayo yotsegula. Patapita zaka, ali m'ndende, analembera Timoteo kuti abwere naye Marko chifukwa amamuthandiza pa utumiki (2 Timoteo 4:11). Marko yemweyo amene Paulo anakana kumutenga pa ulendo uja.

Tipemphere. Atate, pali munthu amene tinasiyana naye pa nkhani imene tonse tinkaikonda. Inu mukumudziwa dzina. Tipatseni mtima womuimbira foni lero lisanade, ndi mawu oti tiyambire. M'dzina la Yesu, Ameni.