Makalata a Omvera: Kwacha Koma Mtima Ukukana Kudzuka

Moni nonse omvera, kulikonse kumene mawu anga akukupezani. Sabata yatha ndinakufunsani kuti m'mawa wanu mumauyamba bwanji, ndipo n'chiyani chimakuchotsani pabedi. Makalata abwera ochuluka moti tebulo langa ladzaza, ena olemba pamanja, ena a pa foni. Ndawerenga onse ngakhale kuti nthawi sindilola kuyankha onse. Mayina sinditchula, eni ake adzizindikira okha.

Ndiyambe ndi mayi amene akudandaula za amuna awo. Akuti: "Bambo a kunyumba kuno ayamba kudzuka 4 koloko kuchita masewera olimbitsa thupi m'chipinda momwe tagona. Amadumpha, amawerenga mokweza, mwana n'kudzuka kuyamba kulira. Ndiwauze bwanji kuti asakhumudwe?" Mayi, ayamikireni kaye, chifukwa chimene ayambacho n'chabwino ndipo ambiri chimawakanika. Mukatero auzeni kuti panja pali malo okwanira. Inunso bambo, ngati mukumvera, manambalawo muziwerengera mumtima, mwanayo masamu adzawapeza kusukulu.

Mnyamata wina wa kusekondale akuti amatchera ma alamu asanu ndipo amawazimitsa onse osadziwa. Mwana wanga, pa msinkhu wakowo thupi limafuna tulo ta maola 8 mpaka 10, ndipo tulo timachedwa kubwera usiku kusiyana ndi mmene unalili wamng'ono. Ngati ukugona pakati pa usiku, alamu ngakhale akhale khumi sangakuthandize. Gona msanga, tchera alamu imodzi, uiike patali poti uchite kuimirira kuti ukaizimitse. Kulemera kwa mutu kumene umamva ukangodzuka kumatha pakadutsa mphindi 15 mpaka 30, usakutenge ngati chilolezo chobwereranso m'bulangete.

Tsopano pali kalata imene ndaiwerenga katatu, ndipo ndikupemphani muchepetse phokoso kumene muliko muimve bwino. Ikuti:

"Ndine mayi wa zaka 46. Kwa zaka 19 ndinkadzuka m'bandakucha popanda alamu chifukwa ntchito inkandidikira. Miyezi 5 yapitayo kampani inatsekedwa, ntchito inatha. Ana anakula, anachoka pakhomo. Panopa maso ndimatsegula nthawi yomwe ija, koma ndimangogona chagada kuyang'ana kudenga mpaka dzuwa litakwera. Mwana wanga wamkazi amanditumizira mavidiyo a anthu odzuka 5 koloko, othamanga, olemba zolinga zawo m'kabuku. Ndikaonera ndimachita manyazi. Ndikudikira tsiku limene mtima udzafune, koma silikufika. Kodi ndasanduka waulesi?"

Mayi, munthu amene analawira zaka 19 sangasanduke waulesi m'miyezi 5. Mawu amenewo muwachotse pakamwa panu. Taganizirani zimene ntchito ija inkakuchitirani kuwonjezera pa malipiro. Inkakuuzani nthawi yodzukira. Inkakuuzani choyamba kuchita mapazi akangoponda pansi, moti simunkafunika kuganiza. Komanso kunali anthu amene akanafunsa kuti mayi aja ali kuti mukanapanda kufika. Zonsezi zinachoka tsiku limodzi, thupi lokha ndi limene silinauzidwe, n'chifukwa chake likukudzutsanibe nthawi yakale n'kukusiyani mulibe kolowera. Aliyense akanagwa mphwayi.

Mawu amene andigwira kwambiri m'kalata yanu ndi akuti mukudikira kuti mtima ufune. Ambiri tinakula tikukhulupirira kuti khumbo limayamba kubwera, kenako munthu n'kudzuka kuchita. Akatswiri a maganizo, kuyambira ndi Peter Lewinsohn m'zaka za m'ma 1970, anaona kuti kwa munthu amene mtima wake wagwa zinthu zimayenda mosemphana ndi mmenemo. Akasiya kuchita zinthu, zomusangalatsa zimachepa, mtima umagweratu, n'kusiyanso zina zimene zinatsala. Njira yothandizira imene inachokera pamenepo, yomwe madokotala a maganizo akugwiritsabe ntchito, ndi yoti munthu achite kanthu kakang'ono kokonzedweratu pa nthawi yake, kaya akufuna kaya sakufuna. Kufuna kumabwera pambuyo, kanthu kaja katachitika kangapo. Inu mukudziwa kale zimenezi. Kunali masiku amvula amene simunkafuna kupita kuntchito, munapita, ndipo pofika pakati pa m'mawa munali mukuseka ndi anzanu.

Ndiye mawa ndikupemphani zochepa kwambiri. Maso akatseguka ndipo kunja kwayera, khalani tsonga, mapazi pansi, tsegulani katani, tulukani panja mphindi 10 kapena 15. Ndili ndi chifukwa chonenera za panja. Mu ubongo mwathu muli kagulu ka maselo pafupifupi 20,000 kamene kamagwira ntchito ngati wotchi ya thupi lonse, ndipo wotchi imeneyi imakonzedwa tsiku ndi tsiku ndi kuwala kolowa m'maso. Kuwala kwa m'mawa kumaletsa timadzi ta melatonin, timene timabweretsa tulo, ndipo kumathandiza kuti tulo tidzabwere pa nthawi yake usiku. Ngakhale kunja kuli mitambo, kuwala kwa panja kumaposa kutali kwa babu la m'nyumba. Dzuwalo musaliyang'ane mwachindunji, kungokhala panja n'kokwanira. Nkhani ya wotchi ya m'thupiyi ndi yaikulu moti mu 2017 asayansi atatu, Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young, analandira mphoto ya Nobel chifukwa chofotokoza mmene imayendera, ataiphunzira pa tintchentche ta pa zipatso. Thupi nalo limakuthandizani, chifukwa timadzi ta cortisol timakwera m'mphindi 30 mpaka 45 munthu akangodzuka, kumukonzekeretsa kuyamba tsiku. Mukamagona chagada nthawi imeneyo, mumangopereka mpata kwa nkhawa.

Chachiwiri, musasiyire m'mawa kusankha chochita. Munthu amene wangodzuka sasankha bwino, amasankha bulangete. Sankhani madzulo, ndipo munene momveka. Peter Gollwitzer, katswiri wina wa maganizo, anaonetsa kuti amene wanena kuti "chakuti chikachitika ndichita chakuti" amakwaniritsa kawirikawiri kuposa amene wangoti "ndiyesetsa". Choncho musanene kuti mawa ndikhala wachangu. Nenani kuti ndikatsegula katani ndivala nsapato, ndikavala nsapato ndiyenda mpaka pamphambano n'kubwerera. Nsapatozo zigone pafupi ndi bedi, zovala pampando.

Chachitatu ndi chimene ndikuchiona chachikulu kwa inu, ndicho munthu wokudikirani. Pezani mnzanu mmodzi, kaya m'bale kaya woyandikana naye nyumba, mupangane nthawi yoyendera limodzi, ngakhale masiku atatu okha pa sabata. Lonjezo limene tadzipatsa tokha timaliphwanya mosavuta, koma kusiya mnzako ataima pachipata n'kovuta. Mutu umodzi susenza denga, mayi, ndipo inu mwasenza nokha miyezi 5.

Pali chinanso chimene sindingachibise. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo mtima wanu wakhala wolemera pafupifupi tsiku lililonse, zimene munkakonda sizikukomanso, chilakolako cha chakudya chasintha, mukudziona wopanda pake, pitani mukaonane ndi dokotala kapena mlangizi wa zamaganizo. Kudzuka usiku usanathe n'kulephera kugonanso, ndi kumva kuipa kwambiri m'mawa kuposa madzulo, ndi zina mwa zizindikiro za matenda ovutika maganizo. Ndi matenda ngati ena onse ndipo amachizika. Ngati maganizo ofuna kudzivulaza anakufikiranipo, uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, musadikire kuti kuche.

Ndipo iwe mwana amene ukutumiza mavidiyo, ndikudziwa kuti ukuchita chifukwa chokonda mayi ako, ndipo ndikukuyamikira. Koma siya. Munthu wa m'vidiyoyo akukuonetsa mphindi imodzi ya tsiku lake labwino, masiku amene analephera sajambula. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. M'malo mwa vidiyo, uziwaimbira foni 7 koloko, uwafunse ngati atuluka panja ndi zimene aona. Mawu ako awadzutsa kuposa mlendo wa pa intaneti.

Ndapuma kaye pang'ono, chifukwa kalata imeneyi yandikhudza. Koma ndisanapite kwina ndilankhule ndi nonse, popeza mawu akuti ulesi ndawapeza m'makalata ambiri sabata ino. Mayi woyamwitsa amene amadzuka katatu usiku akudzitcha waulesi. Mnyamata wogwira ntchito ziwiri akudzitcha waulesi. Abale anga, ndani anakuuzani kuti 5 koloko ndi nthawi yopatulika? Munthu wamkulu amafunika tulo ta maola osachepera 7. Ukagona 12 koloko n'kudzuka 5 koloko wagona maola 5, ndipo ngongole imeneyo uilipira masana ndi kuwodzera, kuiwalaiwala ndi kupsa mtima pa zinthu zazing'ono. Anthu timasiyananso chibadwire, ena thupi lawo limachangamuka m'mamawa, ena limachedwerapo. Chimene chimathandiza pafupifupi aliyense ndi kudzuka nthawi yofanana tsiku lililonse, Loweruka ndi Lamlungu lomwe, kuti wotchi ija isamasokonezeke. Ndipo nthawi yodzukira imayambira pa nthawi yogonera. Ndikudzudzuleni pang'ono apa, mwachikondi. Ena mwalemba masamba awiri kudandaula za m'mawa, koma pakati pa kalata mwaulula nokha kuti foni mumaisiya 1 koloko usiku. Vuto lanu lili madzulo, ndipo mukulidziwa.

Mlonda wina wogwira ntchito usiku akufunsa ngati zonsezi zikumukhudza. Zikukukhudzani, achimwene, kungoti m'mawa wanu ndi nthawi imene mwadzuka, ngakhale ikhale 3 koloko masana. Chipinda chogona chikhale chamdima, a pakhomo alemekeze tulo tanu, ndipo kuwala mukufunefune mukadzuka.

Bambo ena akuti amamwa khofi madzulo kuti amalize ntchito, kenako m'mawa amadzuka ngati amenyedwa. Bambo, pakadutsa maola pafupifupi 5 theka la caffeine, chinthu cha mu khofi chimene chimathamangitsa tulo, limakhala likadali m'magazi. Kapu yomaliza ikhale ya masana oyambirira.

Kalata iyi nayo ndiikhalire pang'ono. Mtsikana akuti: "Ndinamva kuti chizolowezi chimakhazikika pa masiku 21. Ndinathamanga masiku 21 osaphonya, la 22 ndinagona, ndipo ndinaona kuti ndalephera, ndiye ndinasiyiratu." Chemwali, masiku 21 osaphonya ndi ntchito yaikulu, ndikukuwombera m'manja. Nambala imeneyo ndi imene inakunamiza. Mu 2009 Phillippa Lally ndi anzake a ku University College London anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu 96 amene aliyense anasankha chizolowezi chatsopano. Nthawi yapakatikati yoti chinthu chiyambe kuchitika chokha inali masiku 66, ndipo panali kusiyana kwakukulu, kuyambira masiku 18 mpaka 254. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikunawononge ulendo wonse. Ndiye tsiku la 22 lija silinafufute kalikonse, chimene chinakuimitsa ndi kuganiza kuti zonse zatayika. Yambiranso mawa, ndipo uchepetse. Bungwe la zaumoyo la WHO limalimbikitsa akuluakulu kuchita zolimbitsa thupi zosalemetsa kwambiri mphindi zosachepera 150 pa sabata, zomwe ndi mphindi 30 kwa masiku asanu, ndipo kuyenda mwandawala kumawerengedwa. Masiku awiri opuma ali kale m'kati mwa masamuwo. Tsiku limene thupi lakana, vala nsapato uyende mphindi 5 zokha, pang'onopang'ono ndi mtolo.

Wina akufunsa ngati n'kulakwa kuyamba ndi foni. Sindikunena kuti ndi tchimo, koma taonani chimene chimachitika. Musanasukusule n'komwe mwamva kale za ngozi, za ngongole, za phwando limene simunaitanidwe. Sambani kaye, chitani chinthu chanu choyamba, kaya ndi pemphero, kuwerenga kapena kukhala chete pang'ono, foni ibwere pambuyo.

Mayi wina akuti amuna awo amagona maola 9 koma amadzuka otopa, mutu ukupweteka, ndipo usiku amaliza mkonono n'kumabanika ngati mpweya waima. Mayi, apa alamu kapena nsapato sizithandiza. Pali matenda amene amachititsa kupuma kuimaima munthu ali m'tulo, ndipo amayenderana ndi kuthamanga kwa magazi. Aperekezeni kuchipatala, ndipo mukalowe nawo, chifukwa amene mumamva zimene zimachitika usiku ndinu, iwo amakhala ali m'tulo.

Nthawi yatithera, makalata otsalawa ndiyamba nawo sabata yamawa, makamaka ya bambo amene akulera okha ana atatu ndipo akufunsa mmene angakonzekeretsere onse osakalipa. Mayi a zaka 46 aja, nsapato muziike pafupi ndi bedi usiku uno, ndipo musanagone muimbire mnzanu mupangane nthawi. Pakatha masabata awiri mundilemberenso, kaya zayenda kaya sizinayende, mundiuzenso ngati munakaonana ndi dokotala. Kalata yanu ndidzaiyang'ana yoyamba.