Galasi Loikidwa M'madzi: Kodi Msika Wake Ulipodi?

Moni nonse amene mwatchera khutu ku pulogalamu ya sabata ino, kulikonse kumene muli. Ndikukulankhulani kuchokera ku Germany, m'chigawo cha Thuringia, kumene ndakhala zaka zinayi tsopano ndikugwira ntchito pa kampani yaing'ono youmba zinthu zagalasi. Ena mwa inu mwakhala mukufunsa chimene ndinasowera milungu itatu yapitayi, ndipo yankho lake ndiyo nkhani ya lero: tinali kalikiliki kuyesa ngati zokongoletsa zagalasi zoika m'mathanki oweteramo nsomba m'nyumba zingakhale malonda oti munthu n'kuwadalira.

Ndinene poyamba kuti ine si mmisiri wa galasi, kuopa kuti wina angandiyese katswiri. Mmisiri ndi mayi achikulire amene anandilemba ntchito, amene anayamba kugwira chubu cha galasi pa moto ali mtsikana. Ine ndimadula machubu, kuyang'anira uvuni woziziritsira zoumbazo, kulongedza katundu ndi kuyankha makasitomala pa intaneti. Dera lino galasi ndi lachikhalire. M'tauni ya Lauscha anayamba kulisungunula m'chaka cha 1597, ndipo kumeneko ndi kumene kunatchuka timipira tagalasi tokoleka pa mtengo wa Khirisimasi. Ku Jena nako, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, Otto Schott anakonza galasi lopirira kutentha lotchedwa borosilicate, lomwe ndi limene ife timagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku.

Ganizo la zokongoletsa za nsomba linabwera ndi ine, ndipo ndivomereze kuti linachokera mumtima kuposa m'mutu. Tsiku lina ndinalowa m'sitolo yogulitsa ziweto zam'nyumba, ndipo ndinaima chilili nditaona mzere wa mathanki wolembedwa dzina la nyanja ya Malawi, momwe mbuna zabuluu ndi zachikasu zinali kuthamangitsana pakati pa miyala. Azungu kuno amaziweta nsombazi mwaulemu waukulu, amadziwa mayina ake a sayansi, ndipo ali ndi magulu okambirana za izo zokha. Ndinabwerera kuntchito nditatsimikiza kuti anthu amenewa angagule mapanga agalasi oti nsomba zawo zizibisalamo. Abwana anangomwetulira, n'kunena kuti tiyese.

Tinaumba mapanga asanu ndi limodzi, okongola moti ndinawajambula ndisanawalongedze, ndipo tinawapereka kwa bambo wina woweta mbuna kuti awayese. Pamenepo ndi pamene nsomba zinatiphunzitsa zimene sitinaganize. Phanga loyamba linakana kumira, chifukwa mpweya unatsekeka padenga pake, ndipo linangoyandama chopendekeka ngati bwato lobooka, mpaka tinachita kuboola kachibowo pamwamba. Lachiwiri linamira bwinobwino, koma mbuna ndi nsomba zokumba, ndipo usiku umodzi wokha zinachotsa mchenga pansi pake mpaka linagwera pa mwala n'kung'aluka. Chimene chinandichititsa manyazi kwambiri n'chakuti nsombazo sizinalowe m'mapanga otsalawo ngakhale pang'ono. Nsomba imabisala kuti mnzake asaione, tsono phanga loonekera mkati ili nalo ntchito yanji? Patatha milungu iwiri ndere zinali zitamera mkati, malo amene burashi siingafike, ndipo kukongola konse kuja kunasanduka chobiriwira chonyansa. Bamboyo anatiuza mwaulemu kuti oweta mbuna amafuna thanki lofanana ndi nyanja yeniyeni, la miyala ndi mchenga basi.

Kumbali ina ya msika kuli anthu ogulira ana awo kathanki kakang'ono, amene amakonda tinyumba, tizombo tomira ndi maluwa amitundumitundu. Anthu amenewa ndi ochuluka, koma zimene amagula ndi zapulasitiki zopangidwa zambirimbiri m'mafakitale a ku Asia, zotsika mtengo ndiponso zosasweka zikagwa. Munthu wokhala pa moto ola lathunthu kuumba chinthu chimodzi sangapikisane nawo, ndipo sitinataye nthawi kuyesa.

Kumene ndinaona kuti kuli moyo ndi kwa anthu okongoletsa mathanki ndi zomera zamoyo, luso limene linafalitsidwa ndi Takashi Amano wa ku Japan, yemwe anayambitsa kampani ya Aqua Design Amano ndipo anamwalira mu 2015. Otsatira lusoli amafuna kuti munthu akayang'ana thanki aone ngati nkhalango kapena chigwa, osaona zipangizo. N'chifukwa chake amakonda galasi loyera: mapaipi olowetsa ndi kutulutsa madzi, amene amawatcha lily pipe chifukwa kukamwa kwake kumafanana ndi duwa, tizipangizo tomwaza mpweya wa carbon dioxide wothandiza zomera kukula, ndiponso timabotolo tosonyeza kuchuluka kwa mpweyawo posintha mtundu. Palinso oweta tizilombo tam'madzi totchedwa shrimp, amene amagula timbale tagalasi todyetsera kuti chakudya chisalowe mumchenga n'kuwola. Taonani kuti zonsezi ndi zinthu zogwira ntchito. Pamenepa ndi pamene maganizo anga anatembenuka, chifukwa ndinazindikira kuti woweta nsomba wodziwa zimene akuchita sawononga ndalama pa chinthu chongokongola, koma amalipira mosanyinyirika chinthu chokongola chimene chikumuthetsera vuto.

Komabe musathamangire kugula moto wa gasi. Mu Meyi 2024 tinapita ku Nuremberg ku Interzoo, chionetsero chachikulu cha malonda a ziweto zam'nyumba chimene chimachitika zaka ziwiri zilizonse, ndipo tinapeza kuti mapaipi agalasi omwewo mafakitale akuwapanga kale ochuluka pa mtengo umene kwa ife sungakwanire ngakhale kugula chubu ndi gasi. Chimene chatsalira mmisiri wamanja ndi chimene fakitale siingavutike nacho: paipi yopindidwa molingana ndi muyeso wa thanki la munthu mmodzi, kukonza chipangizo chokwera mtengo chimene chathyoka khosi, ndi tinthu ting'onoting'ono tosafanana ndi tina tilitonse, monga kamphika kokoleka m'mbali mwa thanki kodzalamo chomera. Msika umenewu ndi wopapatiza, ndipo m'kuona kwanga ungathandize kampani imene ili kale ndi malonda ena, koma kuudalira wokha kungakhale kudzinyenga.

Wogula wa mtundu umenewu amafunsa mafunso ambiri, ndipo ali ndi chifukwa. Chimene waika m'thanki chimakhala m'madzi usana ndi usiku kwa zaka, pamodzi ndi zamoyo zimene zina amazigula modula. Galasi la borosilicate silisintha madzi, ndipo umenewu ndiwo mwayi wathu waukulu. Vuto limabwera ndi mitundu, chifukwa mtundu wa galasi umachokera ku zitsulo, ndipo utoto wopaka pamwamba umatha kusupuka. Mkuwa, ngakhale wochepa kwambiri, umapha shrimp, pomwe galasi lokhala ndi mtovu palibe woweta amene angalilole. Ife tinagwirizana kuti chilichonse chokhala ndi mtundu chizikutidwa ndi galasi loyera kunja kwake, ndipo m'mphepete monse tizidutsitsa pa moto kuti pasakhale pakuthwa pong'amba zipsepse. Kenako chilichonse chimalowa mu uvuni wa madigiri pafupifupi 560 n'kumazizira pang'onopang'ono. Ukadumpha gawo limeneli, chinthucho chimaoneka chabwino lero koma chimadzasweka chokha mawa chili kale m'madzi a mwini wake.

Pali ndalama zina zimene munthu saziona akamasirira chinthu chonyezimira pa intaneti. Moto wathu umadya gasi ndi okosijeni, ndipo pamene mtengo wa gasi unakwera koopsa mu 2022, ngakhale amisiri otchuka a ku Murano ku Italy ena anazimitsa ng'anjo zawo kwa kanthawi. Kulongedza kapaipi kamodzi kumanditengera nthawi yofanana ndi imene abwana anakaumbira, ndipo bokosi limatuluka lalikulu kuwirikiza kangapo katundu wake. Malamulo nawo ali pomwepo. Wogula pa intaneti m'maiko a European Union ali ndi ufulu wobweza katundu m'masiku 14, kupatula ngati chinthucho chinapangidwa mwa oda yake yekha. Kuno ku Germany wamalonda aliyense wotumiza katundu m'mapaketi ayenera kulembetsa m'kaundula wotchedwa LUCID, ndipo kuyambira pa 13 Disembala 2024 pali lamulo la chitetezo cha katundu lofuna kuti wopanga adziwike pa chinthu chilichonse chimene wagulitsa. Mapepala onsewa amagwera pa tebulo langa, m'Chijeremani chimene mpaka pano ndimawerenga ndi dikishonale pambali.

Chotithandiza pang'ono n'chakuti mu 2023 bungwe la UNESCO linaika luso loumba galasi pamanja m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha anthu, Germany ili m'gulu la maiko asanu ndi limodzi amene anapempha zimenezi. Ogula ena amafuna kudziwa manja amene anapanga chinthu, ndipo kavidiyo kosonyeza chubu chikufewa pa moto kamabweretsa mafunso ambiri kuposa chithunzi cha katundu womalizidwa.

Pakali pano mapanga aja tinawasiya. Taumba timbale todyetsera shrimp ndi timiphika tokoleka, tonse totseguka kukamwa kuti chala ndi burashi zizilowa, ndipo tinthuti tili m'mathanki a anthu atatu amene avomera kutiyesera kwa miyezi iwiri. Mmodzi wa iwo wanditumizira kale chithunzi dzulo madzulo, shrimp zofiira zitaunjikana m'kambale, pamodzi ndi dandaulo lakuti kambaleko n'kopepuka ndipo kamasuntha madzi akamayenda. Mawa m'mawa tikuumba kena kokhuthala pansi.