Nanga akakhala mwana wa m'nyumba mwanu?

Mawu amene katekisti wina, mphunzitsi wopuma pantchito, analankhula pa msonkhano wa akhristu a mipingo yosiyanasiyana pa boma la Mangochi.

Zikomo a wapampando. Amfumu, zikomo potilola kukhala pabwalo lanu. Abusa, akulu a mpingo, amayi, abambo, ndi inu achinyamata mwabisala kumbuyoko mafoni ali m'manja, ndakuonani, landirani moni.

Mutu mwandipatsawu anzanga awiri anaukana. Utafika kwa ine ndinati chabwino, ndakalamba kale, wonditukwana atukwana imvi. Tikamba za amuna ogonana ndi amuna anzawo, akazi ndi akazi anzawo, ndiponso maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Liwu la kumsika ndi kudoko mukulidziwa, mathanyula. Ndalitchula kamodzi kuti tisanamizane. Sindilibwerezanso, chifukwa masiku ano timaliponya ngati mwala.

Usiku wina, mvula yoyamba itangogwa, mayi wina anagogoda kwathu. Ndinawapatsa mpando, anakana, anakhala pansi pakhonde. Anati, "Aphunzitsi, mwana wanga wandiuza kuti mtima wake sukhumba akazi. Akuti wakhala akupemphera kuyambira ali Fomu 1 kuti zimuchoke, koma sizikuchoka. Bambo ake akamva amupha. Nditani?" Mnyamatayo ndinamuphunzitsa ndekha mu Sitandade 6. Anali wa kwaya. Abale anga, mavesi ndinali nawo ambiri usiku umenewo, koma choti ndiwauze mayi ajawo ndinalibe. Zimene ndikuuzeni lero ndinayamba kuzifufuza kuchokera pakhonde paja.

Ndiyambe ndi chiphunzitso, kuti wina asapite kunyumba n'kumati katekisti uja wagulidwa ndi azungu. Pa Genesis 2:24 mwamuna amasiya bambo ndi mayi ake, n'kuphatikana ndi mkazi wake, awiriwo n'kukhala thupi limodzi. Yesu anabwereza mawu omwewo pa Mateyu 19, Afarisi atamufunsa zothetsa banja. Levitiko 18:22, Aroma 1:26 ndi 27, komanso 1 Akorinto 6:9 ndi 10 amatsutsa mchitidwe tikukambawu. Ine ndimakhulupirira kuti ukwati wachikhristu ndi wa mwamuna ndi mkazi, ndipo mipingo yonse yasonkhana panoyi imaphunzitsa chomwecho. Mu Disembala 2023, Vatican itatulutsa chikalata cha Fiducia Supplicans, chonena kuti wansembe angathe kupereka dalitso wamba kwa anthu awiri oterewa popanda kulisandutsa ukwati, maepiskopi athu a Katolika sanachedwe, anati kuno ku Malawi zimenezo sizichitika. Anzathu a Anglikani ali ndi mfundo ya msonkhano wa maepiskopi awo ku Lambeth mu 1998, yoti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi. Koma mfundo yomweyo ili ndi mbali ina imene sitiitchula: maepiskopiwo analonjeza kumvetsera anthu oterewa, ndi kuwatsimikizira kuti Mulungu amawakonda.

Muyeneranso kudziwa kuti si akhristu onse padziko amene amagwirizana nafe. Church of Scotland, mpingo umene unatumiza amishoni oyambitsa Blantyre Mission mu 1876, mu 2022 unalola abusa ake ofuna kutero kumangitsa maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Iwo amati mavesi aja ankadzudzula kugwiririra, uhule wa m'nyumba za mafano ndi akuluakulu ogona anyamata, osati anthu awiri aakulu olonjezana kukhulupirika. Ine kuwerenga kumeneko sikunandigwire mtima. Koma mwana wanu wa ku yunivesite akadzakubweretserani mfundo imeneyi, musadzamuyankhe kuti n'za Satana basi. Adzaona kuti mulibe yankho. Mutsegule naye Baibulo, mukambirane.

Tsono vuto lathu n'lakuti timawerenga vesi n'kutseka buku msanga. Paulo atamaliza Aroma 1, mawu otsatira, Aroma 2:1, akuloza chala kwa woweruzayo: ulibe chowiringula, pakuti poweruza mnzako ukudzitsutsa wekha. Nanga mndandanda uja wa ku Akorinto? Muli adama, achigololo, akuba, aumbombo, zidakwa, olalata, olanda za eni. Ndani pano sanadzipezemo? Anyani amasekana zikundu.

Tiyeni tipite kunyanja kwathu kuno. Tonse tikudziwa zimene zimachitika m'madoko usipa ukavuta, mayi wa geni akafuna kuti asodzi amugulitse iye poyamba. Ndalama yokha siikwana, amapereka thupi. Tikudziwa atsikana a zaka 14, 15 amene amasiya sukulu n'kulowa m'banja, chikhalirecho lamulo likuti ukwati uyambire zaka 18. Ena mwa amuna ochita zimenezi Lamulungu amavala jekete n'kutolera chopereka. Ndi liti tinanyamula zikwangwani chifukwa cha zimenezo? Sindikuti tchimo lina limafafaniza linzake. Ndikuti mkwiyo wathu umasankha, ndipo umasankha tchimo limene ifeyo silitiyesa.

Ndi Sodomu yemwe timamugwiritsa ntchito mosasamala. Werengani Genesis 19 bwinobwino: chigulu cha amuna chazinga nyumba usiku, chikufuna kugwiririra alendo. Ndipo mneneri Ezekieli, pa 16:49, potchula mlandu wa Sodomu akuyamba ndi kunyada, kukhuta, mtendere wosalabadira, ndi kusathandiza osauka. Ndikaona gulu la anthu litazinga nyumba ya munthu ndi miyala, likufuula kuti mutulutseni, ndimadzifunsa kuti pa nkhani ya Loti ija, afanana ndi ndani?

Tibwere ku lamulo la boma, chifukwa apa ndi pomwe ambiri timasokoneza. M'buku la malamulo a zilango, lija amalitcha Penal Code, gawo 153 limapereka zaka zofika 14 m'ndende pa mchitidwe tikukambawu, ndipo gawo 156 zaka 5 kwa amuna. Gawo 137A, lokhudza akazi, linawonjezedwa m'nthawi ya a Bingu wa Mutharika. Akuluakulu mukukumbukira Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga, amene anamangidwa mu Disembala 2009 atachita chinkhoswe ku Blantyre. Mu Meyi 2010 anagamulidwa zaka 14, ndipo mwezi womwewo a Bingu anawakhululukira, pamene a Ban Ki-moon a United Nations anali m'dziko muno. Mlandu waposachedwa unayambira kwathu konkuno. Khoti la majisitireti la Mangochi mu 2021 linagamula munthu wina zaka 8. Dzina munalimva pa wailesi, ine ndilisiya. Iye, pamodzi ndi mzungu wina wa ku Netherlands, anapempha khoti loona za malamulo aakulu a dziko kuti lithetse magawo amenewa. Mlandu uli mkati, mu Julayi 2023, akhristu ndi asilamu anayenda limodzi m'misewu ya Blantyre, motsogozedwa ndi Ambuye Thomas Luke Msusa, mwana wa kuno ku Mangochi. Pa 28 Juni 2024 oweruza atatu anakana pempholo, nati wosintha lamulo ndi Nyumba ya Malamulo. Za ukwati, lamulo la mabanja la 2015 linanena kale kuti ndi wa mwamuna ndi mkazi.

Pang'ono pokha ndipatuke. Timakonda kunena kuti mchitidwewu anabweretsa ndi alendo a ku Cape Maclear. Agogo athu amene anapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela akanakhala moyo akanatiseka, ankazidziwa za m'makomboni a amuna okhaokha. Chimene ndikutsimikiza kuti chinabwera ndi azungu ndi lamulo la zaka 14 lija, lochokera kwa atsamunda a ku Britain. Ndipo mukadutsa pa Chiponde n'kulowa Mozambique, kumeneko chichokere 2015 si mlandu. Abale athu a ku Mandimba, chilankhulo chimodzi, mitundu imodzi, lamulo losiyana.

Ndiye funso likubwera: kodi tchimo lililonse likhale mlandu wa ndende? Chigololo ndi tchimo lolembedwa pa miyala ya Mose, koma apolisi akanati azimanga achigololo, bwenzi bwalo lino lili ndi mipata yambiri. Musaseke kwambiri, bambo. Papa Francis mu Januwale 2023 ananena poyera kuti kukhala munthu wotere si mlandu, ndipo kuti tchimo ndi mlandu n'zosiyana. Akhristu ena okhulupirika amaona kuti lamulo likhalebe, poopa kuti likachoka, ukwati ulondola pambuyo. Mantha amenewo ndimawamvetsa. Maganizo anga, ndipo awa ndi anga, osati a mpingo: sindinaonepo ndende ikutembenuza mtima wa munthu pa nkhani imeneyi. Koma ngakhale inu amene mukuti lamulo likhale, dziwani kuti lamulolo lapereka mphamvu kwa khoti. Silinapereke kwa inu. Kumenya munthu, kumuvula pagulu, kumutenthera nyumba, kumuopseza kuti akupatseni ndalama apo ayi mumuulula, kumwaza chithunzi chake pa WhatsApp, zimenezo pamaso pa Mulungu ndi machimo, ndipo zambiri mwa izo pamaso pa boma ndi milandu.

Katekisimu wa Katolika, ndime 2357 mpaka 2359, amatsutsa mchitidwewo, koma amanenanso kuti anthu oterewa alandiridwe mwaulemu, mwachifundo ndi mosamala, ndipo kusalidwa kopanda chilungamo kupewedwe. Amasiyanitsa chilakolako chimene munthu amachipeza mwa iye ndi zimene wasankha kuchita. Mnyamata uja wa kwaya anali asanachite kanthu ndi munthu. Anangouza mayi ake zoona. Tikadamupirikitsa, tikadamulangira chiyani?

Chinthu china ndisachisiye, chifukwa amayi mwakhala mukunong'onezana. Munthu wamkulu wogona mwana, kaya mwanayo ndi wamkazi kaya wamwamuna, kaya wamkuluyo ndi mlendo wa ndalama, malume, mphunzitsi kapena mtsogoleri wa mpingo, ameneyo ndi wogwiririra. Palibe zokambirana pabanja. Pitani kupolisi, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. Anyamata ogwiriridwa ambiri amakhala chete poopa kuti tiwatcha dzina lija. Kutukwana kwathu kumabisa zigawenga.

Nanga mayi aja ndinawauza chiyani? Tsiku limenelo ndinangopemphera nawo. Patapita masiku ndinapita kwawo. Ndinati choyamba, mwanayo asagone panja. Chibale ndi fupa, sichiwola. Mwana wothamangitsidwa amakathera m'mabala a m'tauni, m'manja mwa anthu omudyera masuku pamutu, ndipo ena amadzichotsa moyo. Ndinati musamufunire mkazi mokakamiza. Ambiri timaganiza kuti akakwatira zitha. Mtsikana mukum'bweretsayo ndi mwana wa eni, mukum'lowetsa m'nyumba imene sadzakondedwamo, iye osadziwa chifukwa. Amenewo ndi mabanja awiri olira m'malo mwa limodzi. Ndinati kwa asing'anga ayi, kwa aneneri omenya anthu ndi kuwasalitsa kudya masiku ambiri ati kutulutsa chiwanda, ayinso. Pempherani naye, osati kumupempherera ngati palibe. Akadwala apite kuchipatala, akayezetse magazi monga wina aliyense, ndipo inu ogwira ntchito zaumoyo muli pano, chinsinsi cha wodwala chisafike pa chigayo.

Mnyamatayo ndinakhala nayenso pansi. Sindinamubisire zimene mpingo umaphunzitsa, ankazidziwa kale kuposa ena a inu. Ndinamuuza kuti mpingo ukumupempha kudziletsa, ndipo ndinavomera pamaso pake kuti katundu ameneyo ndi wolemera kuposa wanga, ine amene ndili ndi mkazi ndi zidzukulu. Anandifunsa funso limodzi: "Aphunzitsi, ndikabwera kutchalitchi, mundithamangitsa?" Ndinati ayi. Za sakramenti ndi maudindo, mpingo uliwonse uli ndi mwambo wake, ndipo abusa ali pano afotokoza. Koma khomo la tchalitchi si langa kuti nditseke. Pa Yohane 8, Yesu ananena zinthu ziwiri kwa mayi wogwidwa m'chigololo uja: sindikutsutsa, ndiponso usakachimwenso. Koma onani dongosolo lake. Anayamba wabalalitsa a miyala. Mawu achiwiriwo anawanena atatsala awiriwiri, mayiyo ali wamoyo.

Bambo ake anamva patapita miyezi. Sanamuphe. Anangosiya kumulankhula. Panopa mnyamatayo ali ku Lilongwe, akugwira ntchito, ndipo ndi amene amatumiza ndalama ya feteleza. Nsima ya chimanga chimenecho bambowo amadya, koma foni ikalira amapatsira mayi. Khirisimasi yapitayi anabwera. Anakhala pa benchi yomalizira, pafupi ndi khomo. Kwaya itayamba nyimbo yolowera ndinaona milomo yake ikuyenda, mawu osatuluka. Misa isanathe anali atapita.

A wapampando, ndadya nthawi ya ena. Ndaona dzanja la amayi avala chitenje chobiriwira uko lakhala m'mwamba kuyambira ndili pa Sodomu. Ayambe iwowo.